Mudzi umene anamanga machona

Ku Nkhotakota dzuwa limatuluka m'madzi. Kuno ku Jeddah limagwera m'madzi, ndipo mpaka lero thupi langa silinavomereze. Ndikaima m'mbali mwa Nyanja Yofiira dzuwa lili psuu pamwamba pa mafunde, mtima umandinamiza kuti kukucha, kuti posachedwa asodzi a usipa ayamba kukocheza atazimitsa nyali zawo, amayi ali mbwee pamchenga ndi mabeseni. Kenako azana ya magharibi imamveka, n'kukumbukira kuti kukuda ndipo ndili kwa eni. Ngakhale poswali zinthu zinatembenuka. Kwathu tinakula tikuyang'ana kumpoto, kuno timayang'ana kum'mawa, pakuti Makkah ili kuseri kwa mapiri, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 okha.

Ndimagwira ntchito yowerengera katundu m'nyumba ina yosungiramo zinthu kufupi ndi doko. Mzindawu uli ndi anthu oposa 3 miliyoni ndipo anaumangira galimoto: misewu yotakata, milatho yopingasana m'mwamba, mashopu akuluakulu ozizira m'kati. Munthu woyenda pansi amaoneka wosochera. Malo amene miyendo imapezako ntchito ndi Al-Balad, mzinda wakale umene kale unali m'kati mwa linga. Lachisanu, lomwe ndi tsiku lopuma kuno, dzuwa likapepa ndimakwera basi kupita kumeneko. Anzanga amaganiza kuti ndimakagula zotchipa. Zoona zake n'zakuti kumeneko n'kumene ndimapeza anthu atakhala pakhomo akucheza, amphaka akuyendayenda, fungo la nsomba yokazinga, ndi mwana akuthamangitsidwa ndi mayi ake.

Linga lija linkazungulira malo a pafupifupi sikweya kilomita imodzi, ndipo m'katimo munali zigawo zinayi. Kumpoto kunali Harat al-Sham, kum'mwera Harat al-Yaman, kugombe Harat al-Bahr kumene kunkakhala amalinyero ndi asodzi, ndipo chakumpoto cha kum'mawa Harat al-Mazloum. Malire ake lero ngovuta kuwaona, umangokhota kanjira kamodzi wapezeka uli kwina. Koma akuluakulu obadwira muno amadziwabe kuti uyu ngwa ku Sham, uyu ngwa ku Yaman. Ine miyendo imanditengera ku Mazloum.

Poyamba penipeni panalibe chifukwa choti pano pakhale mzinda. Palibe mtsinje, palibe dambo, palibe dothi loti munthu n'kuponyapo mbewu, ndipo m'nyanjamo muli matanthwe obisala oboola zombo. Chinasintha zinthu ndi chigamulo cha munthu mmodzi. M'chaka cha 647, Khalifa Uthman bin Affan analamula kuti doko la Makkah lichoke ku Al-Shuaiba libwere pano. Kuyambira pamenepo wopita ku Haji panyanja ankatsikira pa Jeddah, ndipo tirigu wa ku Egypt, nsalu ndi zokometsera za ku India, kenako khofi wa ku Yemen, zonse zinkadzera pomwepa. Chuma chimenechi sichinaonekere msanga m'nyumba. Ibn Jubayr, mlendo wa ku Andalusia amene anafika mu 1183 atawoloka nyanja m'chombo chosokedwa ndi zingwe za makoko a kokonati, anapeza kuti nyumba zambiri zinali za bango.

Linga linabwera chifukwa cha mantha. Vasco da Gama atafika ku India mu 1498, Apwitikizi anayamba kulanda malonda a panyanja ndi mizinga. Mu 1505 anafunkha Kilwa ndi Mombasa, ndipo mbiri inafika ku Cairo yoti akufuna kulowa m'Nyanja Yofiira. Sultan Qansuh al-Ghawri anatumiza mkulu wa nkhondo Husayn al-Kurdi, amene cha m'ma 1509 anazinga mzindawu ndi khoma lokhala ndi nsanja. Olemba mbiri amamukumbukira ngati munthu wouma mtima, wokakamiza ngakhale amalonda olemera kusenza miyala. Koma khomalo linagwira ntchito. Mu 1517 Mpwitikizi Lopo Soares de Albergaria anafika ndi zombo zake zankhondo, anapeza mizinga ya woteteza mzindawu, Selman Reis, ikumudikira, njira ya pakati pa matanthwe ili yopapatiza, n'kubwerera osalanda kanthu. Apwitikizi omwewa ndi amene pambuyo pake anakwera mtsinje wa Zambezi n'kukhazikika ku Sena ndi ku Tete, pakhomo pa Amaravi. Kusukulu tinaphunzira mbali yathu yokha ya nkhaniyi. Linga linakhalapo zaka zoposa 400, zipata zake, Bab Makkah, Bab Madinah, Bab Sharif ndi zina, zikutsekedwa usiku uliwonse.

Dzina la Mazloum linabwera ndi magazi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, mu ulamuliro wa Ottoman, munthu wophunzira wa ku Madinah, Abdul Karim al-Barzanji, anayambana ndi akuluakulu ndipo lamulo linatuluka loti aphedwe. Anamugwirira ku Jeddah n'kumuphera m'dera lino. Anthu sanakhulupirire kuti anali wolakwa. Nthano imene agogo a kuno amauza adzukulu imati magazi ake atayenderera pansi analemba okha mawu akuti mazloum, woponderezedwa. Za magazi odziwa kulemba, aliyense akhulupirire mmene mtima wake ukumuuzira. Chooneka n'chakuti anthu wamba anakana chiweruzo cha boma m'njira yokhayo imene akanatha, yosintha dzina la mudzi wawo, ndipo maufumu asinthanasinthana koma dzinalo lili pomwepo, lero lalembedwa pa zikwangwani za boma lomwe.

Pakati pa chigawochi pali mzikiti wa Al-Shafi'i, umene ambiri amati ndi wakale kuposa yonse mumzindawu. Polowa umatsika, chifukwa msewu wakhala ukukwera zaka mazanamazana mzikiti uli pomwe unali. Nsanja yake amati ndi ya m'zaka za m'ma 1200, ndipo m'zaka za m'ma 1500 wamalonda wina wa ku India anakonzanso mzikitiwo ndi chuma chake. Chimene chinandigwira mtima poyamba ndi dzinalo. Asilamu a kwathu, pamodzi ndi a ku Zanzibar, Kilwa ndi Mombasa, timatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i, amene anamwalira ku Egypt mu 820. Mwalimu wathu kumadrasa ankatchula dzinali kabango kali m'manja, ife tikubwereza osadziwa n'komwe kuti anali munthu wa kuti. Kuno mizikiti yambiri imatsata njira ya Imam Ahmad bin Hanbal. Pa swala ya subuhi sachita kunuti tsiku ndi tsiku monga kwathu, ndipo imamu akaweramuka pa rakaa yachiwiri manja anga amayamba kukwera okha, anthu onse atagwa kale pansi. Palibe amene amakudzudzula. N'kanthu kakang'ono, koma munthu umatuluka mumzikiti m'mawa ukudziwa kuti ndiwe mlendo.

Nyumba za m'Mazloum n'zosanja, zina kanayi, zina kasanu, zopendekera pang'ono chifukwa cha ukalamba. Anazimanga ndi mwala wa m'nyanja wofewa, wamabowomabowo, umene amautcha mangabi. Ankausema, n'kuumata ndi dothi lochokera m'thamanda la Al-Arbaeen, kunja n'kupaka laimu kuti chinyezi cha mchere chisaudye. Mwala wotere sungasenze nyumba yaitali pawokha, choncho amisiri ankagoneka mitanda ya matabwa m'khoma pakadutsa mizere ingapo ya miyala. Mitandayo imagawa kulemera, ndipo khoma likang'aluka m'munsi ankatha kuchotsa miyala yowonongeka osagwetsa za pamwamba. Koma chimene aliyense amakweza nacho maso ndi rawashin, timakhonde ta matabwa totulukira kunja kwa khoma, totchingidwa ndi zosemasema, tina tobiriwira, tina tabuluu, tina tofiirira. Matabwa ake ankachokera ku India ndi ku Java, pakuti kuno kulibe nkhalango. Mphepo ya kunyanja imalowa, dzuwa limatsala kunja, amayi amaona zochitika mumsewu popanda kuonedwa, ndipo mitsuko ya madzi akumwa ankaiika pomwepo kuti izizire. Tinjira n'topapatiza mwadala kuti nyumba ina ichitire mthunzi inzake. Chipinda changa cha masiku ano, makina oziziritsira akangozima mwezi wa Ogasiti, sungagonemo ngakhale ola limodzi. Akalewo analibe magetsi, ndipo pa nkhani ya kutentha anatiposa nzeru.

Zambiri mwa nyumba zazitalizi n'za nthawi imene ngalande ya Suez inatsegulidwa, mu 1869, sitima zoyendera malasha zitayamba kutula anthu ndi katundu wochuluka. Yotchuka kwambiri ili pang'ono kunja kwa Mazloum, pamsika wa Al-Alawi: nyumba ya banja la Nassif, yomangidwa kuyambira 1872 mpaka 1881. Masitepe ake ngotakata ndi osaphompha, amati ngamila zinkakwera nawo katundu mpaka pamwamba. Mfumu Abdulaziz italanda Jeddah mu Disembala 1925 inakafikira m'nyumba imeneyi. Alendo amajambula zitseko ndi mawindo. Ine ndimaima pa mtengo umene uli pakhomo pake. Amati kale unali mtengo wokhawo mumzinda wonse, mwakuti wolemba kalata ankangoti ipite kunyumba ya pamtengo, ndipo inkafika. Mtengowo ndi nimu. Nimu yemweyu amene agogo anga ankawiritsa masamba ake tikagwidwa malungo, n'kutifunditsa bulangete pamwamba pa mphika, ife tikulira. Ndinathyola tsamba limodzi n'kulitafuna, ndipo kuwawa kwake n'komweko.

Mzinda wa mtengo umodzi ndi mzinda wa ludzu. Anthu a m'linga ankadalira zitsime zamchere ndi maenje omangidwa osungira madzi a mvula, ndipo eni maenjewo ankagulitsa madzi pamtengo umene afuna. Otunga ankayenda khomo ndi khomo atasenza matumba a zikopa. Mu 1907 kunabwera makina ophika madzi a m'nyanja kuti mchere utsale, amene anthu ankawatcha kindasa, ndipo madzi a m'mapaipi ochokera ku Wadi Fatima anafika mu 1947. Mpaka lero madzi amene ndimasamba ndi a m'nyanja ochotsedwa mchere. Mvula imagwa masiku owerengeka pachaka, ndipo ikabwera mwamphamvu imapha. Pa 25 Novembala 2009 madzi osefukira anapha anthu oposa 100. N'chifukwa chake mitambo ikachita bii kuno sukulu zimatsekedwa ndipo mafoni amalira ndi machenjezo. Ine ndimatuluka panja. Fungo la mvula yoyamba pa dothi louma, lija limakuuza kuti ngumbi zituluka ndipo makasu atsike padenga, pa phula silimveka. Mlongo wanga amanditumizira mawu a mvula ikugunda pamalata a kunyumba pa WhatsApp, ndipo ndimawamvetsera usiku mobwerezabwereza.

Tsopano funsani kuti anamanga zonsezi ndani. Mayina ali pa zitseko. Baeshen, Banaja ndi ena oyamba ndi Ba, makolo awo anachokera ku Hadramawt, kum'mwera kwa Yemen. Banja la Zainal Alireza linachokera kutsidya la Persia, ndipo mmodzi wa iwo, Muhammad Ali Zainal, wamalonda a ngale, ndiye anayambitsa sukulu ya Al-Falah mu 1905. Kuli mabanja ochokera ku India, ku Bukhara, ku Java, ku Egypt, ku Turkey, ku Morocco. Kuli ochokera kumadzulo kwa Africa, amene makolo awo ankayenda wapansi zaka zingapo kudutsa Chad ndi Sudan, akulima maganyu m'njira kuti apeze kamba, mpaka kukawolokera pa Suakin. Ambiri mwa anthuwa sanabwere kudzakhala. Anabwera ku Haji, kapena kudzagulitsa katundu ulendo umodzi. Wina ndalama zobwererera zinamuthera, wina anadwala n'kusiyidwa ndi chombo, wina malonda anamuyanja, wina anaona mwana wamkazi wa eni nyumba. Aliyense ankati ndipita chaka chamawa. Kwathu anthu otere tili nalo dzina lawo. Ndi machona.

M'banja mwathu mtchona tinali naye. Amalume awo a mayi anga anapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela. Poyamba ankatumiza mabulangete ndi kandalama, kenako makalata anayamba kutalikirana, kenako zii. Agogo ankati akamva basi yaima pamsewu amasiya kusinja n'kutchera khutu, ndipo anamwalira akutero. Dzina la amalumewo pakhomo linkatchulidwa monyansidwa, ndipo mnyamata aliyense wonyamuka ulendo ankamuuza kuti usakachite za auje. Ine ndinakula ndikumuona mtchona ndi maso a otsala. Kuno ndinamuona ndi maso a kumene anafikira: ndi mwini nyumba yosanja kasanu, adzukulu ake ndi madokotala, msewu ukutchedwa dzina lake. Koma pa nyumba iliyonse yokongola ya m'Mazloum panali mudzi wina ku Hadramawt kapena ku Kano kumene mayi wina ankatchera khutu. Sindinawakhululukire amalume aja. Kungoti tsopano ndikudziwa mmene chaka chamawa chimasandukira zaka 20 munthu osachita kusankha.

Si onse amene anafika pano mwa kufuna kwawo. Jeddah linali doko la akapolo. Ambiri ankawawolotsa kuchokera ku Sudan ndi ku Ethiopia, ena kuchokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo ankagwira ntchito m'nyumba, padoko, posema miyala ndi potunga madzi. Boma la Ottoman litayesa kuletsa malondawa mu 1855, ku Hijaz kunabuka chipolowe. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo mu Saudi Arabia mu 1962, patatsala zaka ziwiri zokha kuti Malawi alandire ufulu. Munthu wa ku Nkhotakota sangawerenge zimenezi ngati nkhani ya eni. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika kwathu m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawolotsa minyanga ndi anthu kupita kutsidya la nyanja, kumene ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. Kuchoka ku Kilwa ankapita ku Zanzibar, ndipo ena ankapitirira mpaka ku Arabia. Mkuyu umene amati David Livingstone anakhala pansi pake pokambirana za malondawa m'zaka za m'ma 1860 ulipobe, ndinkadutsa pomwepo popita kumsika. Zikwangwani zimene ndawerenga m'Balad zimatchula amalonda, amisiri ndi mafumu. Za amene anasenza miyala ndi zikopa za madzi zimangodutsapo. Sindingawaloze chala kwambiri, chifukwa nafenso tikamakamba za Jumbe timafulumira kunena za mpunga, mango, kokonati ndi Chisilamu, n'kutsitsa mawu tikafika pa amene anawolotsedwa. Ena mwa makolo athu anagulitsidwa, ena anagulitsa, ndipo m'mabanja ambiri a kwathu muli magazi a mbali zonse ziwiri.

Linga linagwetsedwa mu 1947. Mafuta anali atapezeka ku Dammam mu 1938, galimoto zinali zitachuluka, ndipo mzinda unkafuna kutambasuka. Zipata zimene alendo amajambula lero, kuphatikizapo Bab Makkah, n'zomangidwanso. Mabanja olemera anasamukira kumpoto, kunyumba za simenti zokhala ndi poimika galimoto, ndipo nyumba za makolo awo anazigawa tizipindatizipinda n'kubwereketsa kwa alendo osauka ochokera ku Yemen, Somalia, Pakistan, Bangladesh ndi maiko ena. Mwininyumba ali kutali, wolipira lendi alibe ndalama zokonzera, mapaipi akudontha m'mwala umene umadana ndi madzi: nyumba zambiri zinagwa, zina zinapsa ndi moto. Meya Mohammed Said Farsi, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndiye analimbikira kuti zotsalazo zilembedwe m'kaundula ndi kutetezedwa. Mu 2014 bungwe la UNESCO linaika Jeddah wakale pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo mu 2021 boma linalengeza ntchito yaikulu yokonzanso dera lonseli. Ntchitoyo ikuoneka. Nyumba zimene zinali zogwiriziridwa ndi mizati yachitsulo zaimanso, zina zasanduka mahotela, zina malo omwera khofi. N'zokongola, sindinganame. Koma m'tinjira tambiri simulinso zovala zoyanikidwa pa rawashin, chifukwa amene ankaziyanika anasamutsidwa.

Kunja kwa malire a linga lakale zinthu zinali zolimba kuposa apa. Kuyambira chakumapeto kwa 2021 boma linagumula madera ambiri ozungulira Balad, monga Al-Sabeel, Al-Kandara, Ghulail ndi Petromin, ponena kuti anamangidwa popanda dongosolo ndipo munkabisala umbanda. Chipukutamisozi chinali cha nzika. Alendo, amene anali ochuluka m'maderawo, anangonyamula katundu. Mnzanga wina wa kuntchito anabadwira m'limodzi mwa madera amenewa, bambo akenso anabadwira momwemo. Agogo ake ndiwo anachoka ku Chad wapansi. Chiarabu chake n'cha mu Jeddah weniweni, amadziwa kanjira kalikonse ka m'Balad, koma m'thumba amayenda ndi iqama, chiphaso cha mlendo, chofanana ndi changa. Tsiku lina ndikumudandaulira za kwathu anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe m'bale wanga, bola uli nako kwanu kokupukwa. Ine kwathu anagumula, ndipo pepala likuti kwathu ndi dziko limene sindinaliponde."

Apa m'pamene pasiyana machona akale ndi ife. Wakale uja ankafika, n'kukwatira, n'kumanga, mdzukulu wake n'kukhala mwini mzinda. Lero kubadwira kuno sikukupatsa unzika, ndipo iqama yako yamangiriridwa ku ntchito. Ntchito ikatha, nawenso watha. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo kuno mawuwo anawasandutsa lamulo. Kuyambira mu 2017 mlendo amalipira msonkho wa mwezi ndi mwezi pa wachibale aliyense amene akukhala naye, ndipo unakwera mpaka kufika 400 riyal pamutu. Pa malipiro anga zimenezo sizingatheke, n'chifukwa chake mkazi wanga ndi mwana ali ku Nkhotakota. Nthawi ya kuno ili patsogolo ndi ola limodzi, choncho ndimaimba ndikaweruka, iwo akukonza chakudya chamadzulo. Mwana amalanda foni.

"Adadi, mubwera liti?"

"Ikatha kontrakiti, mama."

"Kontrakiti n'chiyani?"

Mayi anga saona chodandaulitsa. "Bambo, anzanu amagulitsa ng'ombe ndi minda kuti akaone Kaaba kamodzi kokha, inu mukukhala pakhomo pake. Mukulira chiyani?" Akunena zoona. Sitima yothamanga ya Haramain, imene inayamba mu 2018, imandifikitsa ku Makkah ola lisanathe, ndipo ndikaima kutsogolo kwa Kaaba ndimawapempherera onse potchula mayina. Mayi ndikawauza kuti ndimaopa kufera kuno, kumene maliro amaikidwa mofulumira m'manda opanda dzina, amati limenelo ndi dalitso loti ena amalipempha usiku ndi usana. Sindiwayankha. Ine ndikufuna kukagona mumchenga wa kwathu, pafupi ndi bambo anga, kumene mwana wanga angadzathe kuloza.

Mwezi wa Ramadhani ndi umene Balad amadzuka. Ikatha swala ya tarawehe tinjira timadzaza mpaka mbandakucha. Ogulitsa balila, tchana chowiritsa chothira viniga ndi zokometsera, amavala nduwira zachikasu n'kumaitanira malonda moimba. Ena amakazinga chiwindi pachiwaya chachikulu anthu ali pamzere. Pali samusa, pali sobia wozizira, ndipo kumizikiti kumayalidwa chakudya chofuturu chaulere choti aliyense akhale pansi adye, Mpakistani pambali pa Msudani pambali pa Mmalawi. Pa kuolowa manja m'mwezi umenewu anthu a kuno sindingawanyoze. Komabe ndikaluma tende ndimaganiza za futali wa chinangwa wothira nsinjiro, phala la mpunga wa faya, ndi mwana wotumidwa ndi mbale yovundikira kunyumba ya aneba, kubwerako ndi mbale ina. Ufa wa chimanga ndimaupeza m'kashopu kena kogulitsa zakudya za kum'mawa kwa Africa, ndipo nsima ndimaphika. Nsomba za kumsika wa Bangala n'zonona, hamour ndi najil, koma ndi za m'madzi amchere. Kondowole ndiye kulibiretu. Chinangwa chovuika masiku angapo, chouma pathandala, chonunkhira mwakemwake, sichigulitsidwa m'shopu iliyonse ya mumzinda uno.

Inu amene mukukonzekera ulendo wa Umura kapena Haji, mabasi adzakutengani pabwalo la ndege la King Abdulaziz n'kukakutulani ku Makkah musanaone Jeddah. Ngati chiphaso chanu chikulola, pemphani okutsogolerani akupatseni madzulo amodzi. Lowerani pa Bab Makkah, tsatani msika wa Al-Alawi mpaka pa mtengo wa nimu, kenako funsani njira ya ku mzikiti wa Al-Shafi'i mukaswali magharibi. Miyezi yabwino ndi Disembala mpaka Febuluwale, kunja kukamapepuka. Amalawi kuno tilipo, ochepa koma timadziwana, ndipo mukafunsa mudzatipeza. Ngati m'chikwama mwatsala malo, tiikireniko ufa wa kondowole ndi usipa wouma womanga bwino m'pulasitiki. Tidzabweza ndalama zake.